Achemwali, funsani kaye chiwerengero musanapereke ndalama

Iii achemwali, izi mukunena zoyambitsa nthambi ya sorority yaing'ono (gulu la ubale la atsikana ophunzira) pa yunivesite yanu ku America zanditokosa pabala. Funsani chiwerengero cha mamembala chimene yunivesite imafuna, osangodalira zimene a ku likulu la sorority akukuuzani pafoni.

Ife tinali kagulu ka atsikana a mayiko osiyanasiyana, osati m'gulu la ma sorority 26 a bungwe lalikulu la NPC, kapena a Divine Nine, magulu asanu ndi anayi a ophunzira akuda amene bungwe lawo linayambira ku yunivesite ya Howard mu 1930. Tinali colony chabe, nthambi yongoyamba kumene, tikudikira charter, chikalata chotivomereza kukhala nthambi yeniyeni. Mayi wina wa ku likulu ankangoti chachikulu ndi ubale, chiwerengero chidzabwera chokha. Tinalipira ma dues (ndalama za umembala) ndi inshulansi, ine ndalama zotsukira mbale ku cafeteria, pamene viza ya ophunzira ya F-1 imangokulola kugwira ntchito maola 20 pa sabata.

Ndiye anzathu ena anamaliza maphunziro, wina GPA yake (avereji ya magiredi) inatsika kusafika 2.5. Atiitana ku ofesi ya Greek life, yoyang'anira magulu ngati athuwa pa yunivesite. Tinapita titatchena majuzi a zilembo za dzina la sorority yathu, tikuganiza kuti ndi za tsiku la charter. Bambo wa mu ofesimo anangotembenuza laputopu n'kuyamba kuwerenga mayina mmodzimmodzi, uyu sakuwerengedwa, uyunso ayi. Mnzathu wa GPA uja ali pomwepo, misozi ili chuchuchu, dzina lake likufufutidwa anthu akuona. Akuti simukukwana, kuyambira lero holo simubwereka, zikwangwani simumata, atsopano simulemba. Tsono gulu lochepa likula bwanji mutaliletsa kulemba anthu? Ndinafunsa zimenezo, anangoti ndi malamulo.

Mayi a ku likulu aja foni osayankha. Atayankha akuti munayenera kulimbikira. Kulimbikira chiyani? Iwo anali kalikiliki kutsegula colony ina kwina, kuti patsamba lawo pazioneka nthambi zambiri. Ndalama zathu zinapita basi.

Komabe lowani, musaope, atsikana amenewo ndi amene anandigwira dzanja nthawi yachisanu ndikufuna kungobwerera kumudzi. Kungoti zonse zikhale zolembedwa, makamaka nthawi imene amakupatsani mukachepa. Lembani ambiri a chaka choyamba ndi chachiwiri, koma musatole aliyense pofuna kungodzaza chiwerengero, mudzalira nazo. Ndipo wina akakuuzani zozunzana polowa, kanani, mayunivesite amakakamizidwa ndi lamulo la mu 2024 kuulula milandu ya kuzunzanako, imene amati hazing.