Matayala anayi amakoka, koma saimitsa

Achimwene ena andilembera imelo sabata yatha. Akuti apeza galimoto yakale yochokera ku Japan, ya turbo, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo wogulitsayo wawauza kuti "imeneyi ndi ya rally, siterera." Akufunsa ngati n'zoona, komanso kuti nkhani ya rally ikulowapo bwanji.

Achimwene, mawu oti "siterera" amenewo mwandikanda nawo pachilonda. Inenso ndinali nayo yotero. Chaka china mu February tinkapita kumaliro kumudzi, apongozi anga aamuna atakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo. Mvula inali itagwa usiku wonse. Pa chitunda china tinapeza minibasi itatitimira, anthu atapinda mathalauza akukankha. Ine ndinangoponda moto, turbo n'kuliza kamluzu kake kaja, n'kudutsa pambali ngati ndili pa tala. Ndinawaimbiranso huta, Mulungu andikhululukire. Patsogolo pang'ono msewu unkatsetserekera ku kamlatho, pali kona. Ndinaponda mabuleki, galimoto osamva. Ndinapinda chiwongolero, iyo kumangopita kumene ikufuna, mwaulemu ndithu, mpaka tinakaima pakati pa chimanga cha eni ake, ngayaye zili pa galasi. Apongozi sanakalipe. Anavala chipewa chawo, n'kunena kuti, "Bambo, pokwera paja imatha ndithu." Zinatikoka ndi ng'ombe ziwiri, chimanga ndinalipira, ndipo minibasi ija inatidutsa anthu ali m'mawindo.

Ndiye za rally, mpikisano wothamangitsa magalimoto m'misewu ya fumbi, ya tala kapena ya chipale chofewa. Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, magalimoto a mpikisanowu ankakoka ndi matayala awiri, ambiri akumbuyo: Ford Escort, Fiat 131, Lancia Stratos. Kukoka ndi anayi kunkaonedwa ngati kwa magalimoto a asilikali ndi a kumunda, olemera, a zitsulo zambiri zoti zithyoke. Mu 1977 injiniya wa Audi, Jörg Bensinger, ali koyesa magalimoto pa chipale chofewa, anaona kagalimoto ka asilikali ka Volkswagen Iltis, kopanda mphamvu kwenikweni, kakusiya magalimoto amphamvu kuposa iko. Anakauza bwana wake Ferdinand Piëch. Mu 1979 malamulo a rally analola kukoka ndi anayi, mu 1980 Audi Quattro inaonetsedwa ku Geneva, ya masilinda asanu ndi turbo, ndipo mu 1981 Hannu Mikkola anapambana nayo ku Sweden. Chaka chomwecho Michèle Mouton wa ku France anapambana ku Sanremo, ku Italy, mayi woyamba kupambana mpikisano wa World Rally Championship. Mu 1982 anapambananso ku Portugal, ku Greece ndi ku Brazil, n'kuthera pa nambala 2 kumbuyo kwa Walter Röhrl. Bambo ake anamwalira iye ali ku Côte d'Ivoire kukonzekera mpikisano, koma anayendetsabe. Anyamata amene amati akazi sadziwa chiwongolero ndimangowatchulira dzinali.

Chifukwa chake turbo ndi matayala anayi zinakwatirana n'chosavuta. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, n'kumapanikizira mpweya wambiri m'masilinda, ndiye injini yaing'ono imatulutsa mphamvu ya injini yaikulu. Koma pa miyala ndi pa matope, mphamvu yonseyo ukaipereka kwa matayala awiri amangopala pansi ngati nkhuku. Ukaigawa panayi, galimoto imanyamuka. Vuto la ma turbo a nthawiyo linali kuchedwa: uponde lero, mphamvu ibwere mawa, ndipo ikabwera ibwere yonse pakamodzi. Madalaivala ankaponda buleki ndi phazi lamanzere, lamanja lili pamoto, kuti turbo isagone pakona. Quattro nayonso inali ndi injini patsogolo penipeni, yolemera mphuno, yokana kukhota. N'chifukwa chake mu 1983 Lancia 037, yokoka ndi akumbuyo okha, inalandabe chikho cha makampani. Inali yomaliza yotero kuchita zimenezo.

Kenako misala inayamba. Malamulo a Group B, gulu latsopano la magalimoto a rally, ankangofuna kuti kampani ipange magalimoto 200 a mtunduwo, basi. Peugeot, motsogozedwa ndi Jean Todt, inabweretsa 205 T16 mu 1984, injini ili pakati, kumbuyo kwa dalaivala, n'kutenga zikho mu 1985 ndi Timo Salonen, mu 1986 ndi Juha Kankkunen. Lancia inayankha ndi Delta S4, yokhala ndi turbo komanso supercharger (chopanikizira mpweya chozunguzidwa ndi injini yeniyeniyo, osati utsi) yotseka kuchedwa kuja, yosakwana tani imodzi kulemera, matanki a mafuta ali pansi pa mipando. Mphamvu zinafika cha m'ma horsepower 500.

Apa ndiye ndimayambana ndi anzanga. Pa YouTube aliyense amati Group B inali nyengo ya amuna enieni, amaonetsa anthu ataima pakati pa msewu n'kumapatuka galimoto itafika pamphuno, nyimbo ili kumbuyo. Poyamba nanenso ndinkaombera m'manja. Pano ayi, zimandinyansa. Mu March 1986 ku Portugal, pafupi ndi Sintra, Ford RS200 ya Joaquim Santos inalowa m'khamu la anthu, atatu n'kufera pomwepo, ambiri n'kuvulala. Madalaivala a makampani akuluakulu anakana kupitiriza mpikisanowo. Pa 2 May ku Corsica, Henri Toivonen akutsogola, Delta S4 yake inaphonya kona, n'kugwera kuphompho, n'kuyaka. Iye ndi mnzake womuwerengera njira, Sergio Cresto, anapsera momwemo. Linali tsiku lomwelo limene Attilio Bettega anafera pa chilumba chomwecho chaka chapitacho. Group B inaletsedwa kuyambira 1987. Amenewo anali madalaivala oposa ine ndi inu kutalitali, achimwene, pa magalimoto okoka ndi anayi, ndipo kona inawakanabe.

Ya ku Kenya

Imene anthu saikamba ndi iyi. Zaka zomwe zilombo zimenezi zinkaopsa ku Ulaya, ku Safari Rally, mpikisano wa ku Kenya, zinkagonja. Mu 1984, 1985 ndi 1986 inapambana Toyota Celica Twincam Turbo, yokoka ndi akumbuyo okha, kawiri ndi Björn Waldegård, kamodzi ndi Kankkunen. Mtunda unali wa makilomita masauzande, fumbi, mitsinje, miyala, ndipo chofunika chinali galimoto yosaphwasuka komanso amakaniko odziwa ntchito. Yokoka ndi anayi inayamba kupambana kumeneko mu 1987, Mikkola ali pa Audi 200 Quattro, chigalimoto chachikulu chooneka ngati cha bwana wa kubanki. Misewu yathu yafumbi ndi abale ake a ya ku Kenya, osati ya ku Monte Carlo ku Ulaya.

Galimoto mukufunayo ndi mdzukulu wa zimene zinabwera pambuyo. Group A, gulu limene linalowa m'malo mwa Group B, inkalamula kuti kampani ipange magalimoto 5,000 ogulitsa kwa anthu wamba, ndiye turbo ndi kukoka ndi anayi zinatsikira m'mashopu. Lancia Delta inatenga chikho cha makampani zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, 1987 mpaka 1992. Kenako a ku Japan analanda bwalo: Celica GT-Four ndi Carlos Sainz, Subaru Impreza ndi Colin McRae mu 1995, Mitsubishi Lancer Evolution ndi Tommi Mäkinen kuyambira 1996 mpaka 1999. Mu 1995 momwemo timu ya Toyota inagwidwa ku Catalunya, ku Spain, itabisa kanjira kolowetsa mpweya mozemba chotchinga chimene malamulo ankati chiikidwe pa turbo kuti chichepetse mpweya, n'kuletsedwa chaka chathunthu. Amakaniko anzanga nkhani imeneyi amaikamba mosilira, zomwe zimandidetsa nkhawa ndikawasiyira makiyi.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati kwanu kuli zitunda zamatope, gulani, ikwera. Koma wogulitsayo wanama: poima ndi pokhota, mabuleki ndi matayala ake n'chimodzimodzi ndi a galimoto ina iliyonse. Muilize m'mawa injini ili yozizira, muone ngati ikutulutsa utsi wabuluu. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndi otha mofanana, apo ayi muwononga difu yapakati, imene imagawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Oyilo musamachedwe naye, ndipo mukayenda mtunda wautali muziisiya ilire kamphindi musanazimitse. Mafuta imamwa, konzekani. Yanga ija ndinagulitsa, koma apongozi mpaka lero tikafika pa kamlatho kaja amavula chipewa n'kugwira chitseko.