Amuna anu sakuchita mwano, achemwali

Achemwali, mwati chiwapezereni ndi shuga amuna anu angokhala duu, sakuchezanso ndi anthu, mankhwala akumwa modumphadumpha, ndiye mukufunsa ngati shuga amakhudza maganizo. Amakhudza ndithu. Bungwe la zaumoyo la ku America la CDC limati odwala shuga amavutika maganizo kawiri kapena katatu kuposa anthu ena, ndipo ambiri mwa iwo sapezeka n'komwe kuti akudwala maganizo.

Ine ndinazionera pa bambo anga. Kamakina koyezera shuga kanachita kutuwa ndi fumbi patebulo, mapiritsi a mwezi wathunthu ali phee m'botolo. Ife tinkangowakalipira kuti akufuna kudzipha okha. Tsiku lina namwino anangowafunsa kuti, “Bambo, usiku mukugona?” Munthu wamkulu uja anagwetsa misozi pamaso pathu. Mpaka lero zimandiwawa kuti miyezi yonse ija palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anawafunsa funso limenelo.

Matenda awiriwa amakokana. Munthu akakhala ndi nkhawa nthawi yaitali, thupi limatulutsa mahomoni a cortisol ndi adrenaline, amene amachititsa chiwindi kuthira shuga wambiri m'magazi, komanso insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, sagwira bwino ntchito. Akayeza n'kuona nambala yakwera ngakhale wayesetsa kusala zakudya, amagwa ulesi n'kumati bola kungosiya. Akasiya, shuga amakwereratu, thupi limafooka, tulo timasokonekera chifukwa chodzukadzuka kukakodza, maganizo n'kumaipiraipira. Komanso tangoganizani kudzibaya chala, kuwerengera chilichonse cholowa m'kamwa, kuopa kuchita khungu ndi kudulidwa mwendo, tsiku ndi tsiku popanda tchuthi. Zimatopetsa mtima.

Chenjerani ndi ichi: akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, mtima kuthamanga kapena kupsa mtima mwadzidzidzi, musafulumire kunena kuti ndi nkhawa. Yezani kaye. Shuga akatsika kufika pansi pa 3.9 mmol/L pa kamakina koyezera, zizindikiro zake zimaoneka chimodzimodzi, makamaka kwa obaya insulini kapena omwa mapiritsi a shuga a glibenclamide, ndipo apo pamafunika chotsekemera msangamsanga.

Kwa ena m'gulu muno amene abale anu amamwa mankhwala a matenda a m'mutu monga olanzapine kapena clozapine, dziwani kuti amanenepetsa ndipo angathe kukweza shuga. Asasiye okha ayi, koma azikayezetsa pafupipafupi.

Tsono inu achemwali, ulendo wotsatira wa kuchipatala pitirani limodzi. Amuna ambiri akafunsidwa amangoti “ndili bwino”, choncho muwapemphe kaye kunyumba kuti akuloleni kufotokozera adokotala za kusagona, kusadya ndi kudzipatulako. Uphungu ulipo, mankhwala a maganizo aliponso, ndipo adokotala adzasankha ogwirizana ndi shuga wawo. Koma mukangowamva akuti bola kufa, kapena kuti akukulemetsani, musadikire tsiku limene anawalembera. Pitani nawo tsiku lomwelo.