Akatuluka m'ndende ku America, mlandu wa felony umamusiya?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Achimwene awo ali m'ndende ku Indiana pa mlandu wakuba womwe khoti linauika m'gulu la felony, ndipo atuluka chaka chamawa. Akufunsa kuti: "Akatuluka ndiye kuti zatha? Adzavota? Ntchito adzaipeza?"

Achemwali, pepani ndi zomwe zakugweranizi. Koma m'kalata mwanu mwasiya chinthu chomwe ndikadakonda kumva poyamba: achimwenewo ndi nzika ya America, kapena ali ndi green card chabe, chiphaso cholola mlendo kukhazikika m'dzikolo? Nkhani yonse yagona pamenepo.

Felony ndi mlandu womwe chilango chake chikhoza kupitirira chaka chimodzi m'ndende. Kwa amene si nzika pali msampha wina, womwe malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dziko amautcha aggravated felony. Dzinalo likumveka ngati la zigawenga zoopsa, koma kuba kokha kumalowa m'gululi ngati woweruza analemba chaka chimodzi kapena kuposerapo, ngakhale chilangocho chikhale chija amati pita kunyumba, usakapalamulenso. Munthu wotere, tsiku lotuluka, abale akudikira panja ndi zovala m'jumbo, amene amamulandira ndi a ICE, apolisi a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Green card imatha mphamvu, amamubweza kwawo, ndipo khomo lobwerera limatsekedwa pafupifupi kwa moyo wonse. N'chifukwa chake mu 2010, pa mlandu wa Padilla v. Kentucky, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti loya ayenera kumuchenjeza munthu za ngoziyi asanavomere mlandu. Muwafunse ngati loya wawo anawachenjeza. Ndipo amene si nzika asayerekeze n'komwe kuvota, chifukwa kuteroko pakokha ndi mlandu wopitikitsa munthu m'dziko.

Ngati ndi nzika, mtima ukhaleko pansi. Za voti, state (chigawo cha dzikolo) iliyonse ili ndi lamulo lake. Ku Indiana munthu akangotuluka amalembetsanso n'kuvota, ngakhale ali pa parole, kutanthauza kuti watuluka koma boma likumuyang'anirabe. Ku Maine, Vermont ndi Washington DC amavota ali m'ndende momwemo. Ku Florida anthu anavota mu 2018 kuti ufuluwu uzibwezedwa, koma chaka chotsatira aphungu anawonjezera kuti uyambe wamaliza kulipira chindapusa chonse cha khoti. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kulanga umphawi. Chodabwitsa n'choti upulezidenti wokha saletsa: Eugene Debs anapikisana nawo mu 1920 ali m'ndende ku Atlanta, ndipo Donald Trump anapambana mu 2024 khoti la ku New York litamupeza wolakwa pa milandu 34 ya felony.

Mfuti ndiye ayi. Lamulo la dziko lonse la 1968 limaletsa wa felony kukhala ndi mfuti ngakhale chipolopolo, ndipo chilango chake tsopano chimafika zaka 15. Apa asamale kwambiri, chifukwa kuyambira 2022 ku Indiana anthu amayenda ndi mfuti popanda chiphaso. Mnzawo akaiwala chipolopolo chimodzi m'galimoto yawo, apolisi n'kuchipeza, akhoza kubwerera komwe achokera.

Ntchito imapezeka koma movutikira. Mafomu ambiri amakhala ndi kabokosi kofunsa ngati unapezekapo wolakwa, ndipo ambiri amagwera pomwepo. Asaname, mabwana amafufuza. Lamulo la Fair Chance la 2019 limaletsa nthambi za boma lalikulu kufunsa zimenezi asanakulonjeze ntchito. Eni nyumba za lendi nawonso amafufuza, choncho pokafikira pakonzedwe asanatuluke.

Ku Indiana kuli mwayi wopempha khoti kuti libise mbiri ya mlandu pakadutsa zaka zingapo, koma a zolowa ndi kutuluka saziwerengera zimenezo, kwa iwo mlandu ulipobe. Ndiye ngati achimwenewo si nzika, musadikire chaka chamawa. Pezani loya wa immigration mwezi uno, mumupatse pepala la chigamulo, aone masiku omwe woweruza analemba. Pa mlandu wakuba, 364 ndi 365 ndi nkhani ziwiri zosiyana.