Za ufa wa whey, poti mwafunsa

Achimwene, mukuti ndikuuzeni mtengo wooda whey, ufa uja wochokera ku madzi a mkaka otsala popanga tchizi, ndi mmene geniyi imayendera. Ndikatchula mtengo lero, pofika Lachisanu mudzanditcha wabodza. Ife timakatenga ku Johannesburg, koma mtengo umagwedezeka kutali, kwa opanga tchizi a ku America ndi ku Ulaya, ndi m'makola a nkhumba ku China, chifukwa whey wambiri amathera m'chakudya cha tiana ta nkhumba. Chigodola chitapulula nkhumba kumeneko mu 2018 ndi 2019, mtengo unatsika. Anzanga ankaopa, ine ndinaoda mwamphamvu, ndipo nyumba yanga ya malata inachokera pamenepo.

Koma Novembala wa 2023 sindidzamuiwala. Thiraki inali yodzaza matumba a makilogalamu 25, theka lake ngongole ya marandi. Zipata zina tinadutsa bwinobwino. Pachipata china, bwana wina anatembenuza chikalata changa cha azaumoyo wa ziweto, n'kunena kuti chidindo sichikuoneka. Chidindo chomwecho anzake anachiwerenga osatsinzina! Ankafuna ya fanta, ine ndinati toto, mapepala anga ndi athunthu. Anangochiika m'dirowa n'kupita kukadya nsima.

Thiraki inaima padzuwa la chigwa cha Zambezi, kenako mvula yoyamba inagwa, lona n'kudontha. Tili pomwepo, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700. Ngongole yanga inatupa usiku umodzi, msonkho nawo anawerengera pa mtengo watsopano. Whey amakoka chinyontho koopsa. Pofika ku Limbe, matumba apamwamba anali gwa ngati simenti yovumbwidwa. Kasitomala wanga wophika mabisiketi anagogoda thumba limodzi ndi chibakera, anapukusa mutu, n'kukwera galimoto yake. Ndinagulitsa kwa oweta nkhumba pamtengo wongoti katundu achoke. Chaka chimenecho ana anga anasintha sukulu.

Ngati mwalimbadi mtima, pezani kaye ogula, aja a ayisikilimu, yogati ndi makeke, ndipo musamukongoze aliyense kwacha pamene inu mwakongola marandi. Thumba likhale pathabwa, lisagunde pansi kapena khoma. Ena adzakunong'onezani kuti musakanize ndi mkaka waufa n'kugulitsa m'timapepala. Mukatero musadzandipatsenso moni, chifukwa amayi amamwetsa ana zimenezo poyesa mkaka weniweni.

Bwana uja akadali pachipata pomwepo, ndipo ndikamadutsa amandifunsa kuti kunyumba kuli bwanji.