Mwagula Boti: Zofunika Musanakweze Banja pa Nyanja

Bambo wina wa kuno ku Blantyre wanditumizira imelo yonena kuti wagula boti la injini lokwera anthu asanu ndi mmodzi, lomwe azikalisunga ku Mangochi, ndipo akufuna kudziwa zida zoyenera kugula asanakweze banja lake. Bambo, ndiyamba ndi mphepo, chifukwa zida zonse zimene nditchule ndi za tsiku limene nyanja yakalipa, osati tsiku labata.

Kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Seputembala, pa Nyanja ya Malawi pamaomba mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, yomwe imautsa mafunde aakulu m'kanthawi kochepa. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi ndipo anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo, osati kaboti ngati kanu. Nthambi yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili kuno ku Blantyre, imachenjeza za mwera pa wailesi, choncho muzimvera musananyamuke. Mukafika kugombe muziyang'ananso asodzi: ngati akokera mabwato awo kumtunda, inunso musalowe.

Choyamba kugula ndi majekete oyandamitsa munthu pamadzi, aliyense yake, ndipo ana muwapezere a msinkhu wawo chifukwa jekete ya wamkulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Ambiri amagula n'kumaikhalira kapena kuisunga pansi pa mpando, koma boti likagubuduka palibe nthawi yoti munthu aifunefune ndi kuimanga. Ivalidwe pagombe, ngakhale ndi amene amadzitama kuti amatha kusambira, poti kusambira m'damu la pahotela n'kosiyana kwambiri ndi kulimbana ndi mafunde gombe lili kutali. Inu oyendetsa muzimanganso padzanja kachingwe kozimitsira injini, kuti mukagwa injiniyo izime, boti lisathawe ndi ana kapena kukuzungulirani n'kukutemani ndi pulopela.

Injini imazima pamene simukuyembekezera. Pachifukwa ichi m'boti muzikhala nkhafi ziwiri, mapulagi apadera ndi sipanala yake, komanso nangula wokhala ndi chingwe chotalika kangapo kuposa kuya kwa malo amene mukufuna kuima, popeza chingwe chachifupi chimangomukoka nangulayo osagwira pansi. Mafuta muziwagawa patatu: opitira, obwerera, ndi otsala ongosunga. Onjezerani chozimitsira moto poti mwanyamula petulo, chigubu chodula pakamwa chokapira madzi, tochi, wezulo, mankhwala ndi mabandeji a chithandizo choyamba, ndi foni yokulunga m'pulasitiki yosalowa madzi.

Za malamulo, pitani ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi mukalembetse botilo ndi kuliyezetsa, ndipo chiwerengero cha anthu chimene avomereze musachipyole ngakhale abale atachonderera. Mowa usiyeni kumtunda.

Ulendo woyamba mupite ndi munthu wa komweko wodziwa pamene pali miyala ndi maukonde, ndipo ana atsale kaye. Nthawi zonse muziuza wina wotsala pagombe kumene mukupita ndi ola lobwerera, kuti mukachedwa adziwe koyambira kukufunani. Mukadzafuna kutsikira mu Shire kulowera ku Nyanja ya Malombe, muziyenda pang'onopang'ono ndi kulambalala patali mvuu, makamaka yokhala ndi mwana, ndipo ana asamaviike manja m'madzi chifukwa cha ng'ona.