Chimene chinaphetsa Zoran Đinđić ku Serbia

Achimwene, mwafunsa ngati Đinđić, yemwe anali nduna yaikulu ya Serbia, anaphedwa chifukwa chotumiza Slobodan Milošević, pulezidenti wakale wa Yugoslavia (chitaganya chomwe Serbia inalimo), ku khothi la milandu ya nkhondo la ku The Hague. Zimenezo zinamudanitsa ndi ambiri, inde, koma ine ndimaona kuti muzu wake uli pa tsiku limene Milošević anagwa, pa 5 Okutobala 2000.

Tsikulo lisanafike, Đinđić anakumana ndi Milorad Ulemek, wodziwika kuti Legija, mkulu wa gulu lapadera la chitetezo cha boma, la zisoti zofiira, lotchedwa JSO. Anthu atakhamukira mu Belgrade, likulu la Serbia, kufuna kuti Milošević achoke, gululo silinawombere. Apa ndiye panali ngongole. Boma linasintha, koma amfuti a boma lakale anatsala ndi mfuti zawo, ndipo ena anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo ndi zigawenga za ku Zemun (dera la mu Belgrade), zogulitsa mankhwala ozunguza bongo ndi kuba anthu pofuna dipo.

Đinđić analowa unduna waukulu mu Januwale 2001, akutsogolera mgwirizano wa zipani 18, ndiye mutha kuganiza nokha phokoso lake. Pa 28 Juni anatumiza Milošević uja, pulezidenti watsopano wa Yugoslavia, Vojislav Koštunica, akukana. Pofika Novembala, a zisoti zofiira anatseka msewu waukulu mu Belgrade atanyamula zida, ndipo boma linawagonjera pa zina. Kwa ine pamenepo m'pamene anazindikira kuti palibe wowakhudza.

Zinavuta boma litakhazikitsa lamulo lothana ndi magulu a zigawenga, ena mwa iwo n'kuyamba kuulula. Pa 21 Febuluwale 2003, lole inafuna kugunda galimoto yake pa msewu. Woyendetsayo anagwidwa koma posakhalitsa anatulutsidwa. Tangoganizani!

Pa 12 Malichi masana, Đinđić anatsika galimoto pa khomo la likulu la boma akuyendera ndodo, poti anali atavulala mwendo posewera mpira. Zvezdan Jovanović, mmodzi wa akuluakulu a JSO, anamuwombera ali pa windo la nyumba ina chapafupi. Anali ndi zaka 50 zokha.

Kenako boma linalengeza kuti dziko lili pangozi, anthu oposa 11,000 anagwidwa, JSO inathetsedwa. Mu 2007 khothi linapatsa Legija ndi Jovanović zaka 40 aliyense. Koma mlanduwo unathera pa owombera ndi okonza chiwembu. Za andale amene mwina ankawalimbitsa mtima mseri, khothi silinaweruze aliyense, ndipo maloya a banja lake anadandaula nazo kwa zaka zambiri.