Kodi Nkhanu za mu Kafue N'zodyeka Tsopano?

FUNSO: Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa kopa linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi n'kutsikira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa zambirimbiri. Pano madzi ayera, nkhanu zayambanso kuoneka ndipo ana akumazigwira n'kuotcha. Kodi poizoni uja anatha? Mayi wa ku Kitwe.

YANKHO: Mayi, kuyera kwa madzi kusakupusitseni. Asidi amapita ndi madzi, koma zitsulo za m'zinyalala za migodi, monga kopa, mtovu ndi cadmium, siziwola. Zimakhazikika m'matope, momwe nkhanu imakumba una wake n'kumadyamo. Komanso nkhanu sipita kutali, choncho imene mwaigwira pa dooko lanu yanyamula za pamalo pomwepo.

Choopsa kwambiri ndi cadmium. Thupi la nkhanu silimusiyanitsa ndi kashiamu, ndiye amalowera m'ziwalo zopumira kudzera pomwe kashiamu amalowera, makamaka ikangofundula, pamene ikukoka kashiamu wambiri wolimbitsira chigoba chatsopano. Madzi akakhala a asidi zitsulo zimasungunuka kwambiri, ndipo zimalowa mosavuta. Kopa naye, ngakhale kuti magazi a nkhanu amanyamula mpweya pogwiritsa ntchito kopa, akachuluka amawononga ziwalo zopumirazo moti nkhanu imalephera kusunga mchere m'thupi.

Nanga bwanji sizifa? Mkati mwa chigoba muli chiwalo chofewa, chachikasu moderako, chogwira ntchito ngati chiwindi. M'menemo muli puloteni yotchedwa metallothionein imene imamanga zitsulozo. Nkhanu imayenda bwinobwino, poizoni ataunjikana m'mbali yomwe ana amaikonda ponena kuti ndi mafuta.

Kuotcha, kuwiritsa kapena kufutsa sikuchotsa chitsulo. Kuwiritsa nkhanu yathunthu kumangotulutsira china mu msuzi. Ku Ulaya lamulo limalola mamiligalamu 0.5 a cadmium pa kilogalamu ya nyama yoyera ya m'miyendo ndi m'zopanira. Chiwalo chachikasucho chimasunga wochuluka kuposa nyamayo. Mwa munthu cadmium amakhala mu impso zaka 10 mpaka 30 kuti theka lake lokha lichoke. Ku Toyama, m'dziko la Japan, anawononga impso ndi mafupa a anthu odya mpunga wothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Jinzu. Mtovu umasokoneza ubongo wa mwana, monga momwe akudziwira a ku Kabwe, komwe mgodi wa mtovu unaipitsa nthaka.

Ana ndi amayi oyembekezera asadye nkhanu za kumunsi kwa Chambishi. Pemphani a ZEMA, bungwe loyang'anira zachilengedwe m'Zambia, kuti ayeze matope ndi nkhanu zomwe, osati madzi okha.